Injini Ikatsegulidwa Kale: Ntchito Zina Zoyenera Kugwira Posintha Magasiketi a Njinga Yamoto

Njinga yamoto ikayamba kusiya kadontho kakuda pamalo pomwe yagona usiku, kapena thalauza la woyendetsa likayamba kuthimbirira ndi oyilo cha m'miyendomu, ambiri amangogula gasiketi imodzi (kachinthu kopyapyala kotseka pokumana zitsulo za injini kuti oyilo kapena mpweya usatuluke) n'kuuza makanika kuti achotse yakaleyo aike yatsopano, njinga ibwerere pamsewu dzuwa lisanalowe. Changu chimenechi n'chomveka, makamaka kwa wa kabaza amene njinga ikaima ndiye kuti kunyumba kulibe ndiwo, uku mwini njingayo akudikira ndalama yake ya tsikulo. Komabe gasiketi ndi kachinthu kotsika mtengo. Chimene chimadya nthawi ndi ndalama ndi kumasula ndi kumanganso injini, choncho munthu amene watsegula kale injiniyo n'kuitseka osayang'ana zimene zili m'kati amadzalipira ntchito yomweyo kawiri pasanathe miyezi ingapo.

Malangizo awa ndawalemba potengera injini ya mtundu wa CG, imene kampani ya Honda inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970 pa njinga ya CG125, ndipo pano makampani ambiri a ku China amaikopera n'kuika pa njinga zochuluka zimene zikuyenda m'misewu yathu. Zambiri mwa injinizi nambala yake imayamba ndi 156FMI kapena 157FMI ngati ili ya 125cc, ndi 162FMJ ngati ili ya 150cc. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti ilibe tcheni cham'kati choyendetsa mavalavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini. Mavalavu ake amakankhidwa ndi tindodo tiwiri tachitsulo timene amakanika amati mapushirodi.

Musanagwire sipanala

Yambani ndi kutsuka injini yonse ndi palafini ndi burashi, kenako ndi madzi a sopo, muisiye iume bwinobwino, ndipo muyende nayo kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Cholinga chake n'choti muone pamene oyilo akutulukira penipeni. Mphepo imakankhira oyilo kumbuyo ndi pansi, motero pamene pakuoneka ponyowa kwambiri kawirikawiri si pamene pali bala. Oyilo wotuluka pa chivundikiro cha pamwamba amatsetsereka m'zipsepse za hedi, chigawo cha pamwamba cha injini chimene muli mavalavu, mpaka kuoneka ngati hedi gasiketi ndiyo yapsa, ndipo anthu ambiri amasula injini yonse chifukwa cha labala ya chivundikiro imene ikanasinthidwa m'mphindi zisanu.

Mukapeza malowo, dzifunseni chifukwa chimene gasiketiyo yalekera kugwira. Nthawi zina yangokalamba, koma nthawi zambiri pali chimene chikuikankha kuchokera m'kati. Pamwamba pa injini, cha kumbuyo kwa buloko (chitsulo chimene muli silinda yoyendamo pisitoni), pali kapaipi kalabala kopumira injini. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa m'kati umatulukira mmenemo, ndipo kapaipiko kakapindika kapena kutsekeka, mpweyawo umafuna potulukira pena, n'kuphulitsa gasiketi kapena oyilo silo (kalabala kotchinga oyilo kuti asatuluke) iliyonse yofooka. Ndinaonapo njinga imene inasinthidwa gasiketi ya pansi pa buloko kawiri m'mwezi umodzi. Titazula kapaipiko tinapeza kumapeto kwake kwamatidwa ndi dothi louma gwa, lotalika ngati chala cha mwana, moti ngakhale kupemerera ndi pakamwa mpweya sunkadutsa. Zulani kapaipiko, katsukeni, ndipo ngati kauma mpaka kung'aluka, gulani kena. Onaninso ngati oyilo sanathiridwe mopitirira mzere wa pamwamba pa kandodo koyezera, pakuti oyilo wochuluka amachitanso chimodzimodzi.

Gulani paketi yonse ya magasiketi, osati imodzi yokha. M'paketi yabwino mumakhala hedi gasiketi, ya pansi pa buloko, za zivundikiro za m'mbali, mkombero wa ekizozi, timalabala tozungulira tija amati ma O-ring, ndi masilo a mavalavu. Onjezani tiziwaya tiwiri tatsopano totsekera pini ya pisitoni, lita imodzi ya oyilo, ndi katoni yakale imene muziboola n'kusomekapo mabawuti motsatira mmene analili pa injini, chifukwa mabawuti a chivundikiro sali ofanana kutalika. Jambulani ndi foni chilichonse musanachichotse. Injini ikhale yozizira, ndipo musagwire ntchitoyi pamchenga kapena pamalo pamene mphepo ikuulutsa fumbi.

Hedi ndi mavalavu

Khuthulani oyilo m'beseni loyera kuti mumuone bwino. Akamanyezimira ngati muli mchenga wa siliva, dziwani kuti m'kati muli chitsulo chimene chikudyeka, ndipo ntchito yanu yakula. Chotsani thanki, ekizozi, kabuleta ndi pulagi, kenako chivundikiro cha pamwamba. Masulani manati a hedi pang'onopang'ono modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, osati kumaliza limodzi lonse kenako linzake, chifukwa hedi ndi ya aluminiyamu ndipo imapindika ikamasulidwa mbali imodzi. Pa injini ya CG palinso bawuti ina ya m'mbali, kumanzere, imene ambiri amaiwala n'kuyamba kumenya hedi ndi hamala mpaka kuthyola zipsepse.

Apa pali mfundo imene sindifuna muiphonye. Mabawuti aatali amene amagwira hedi ndi omwewonso amene amapanikiza buloko pa thupi la injini. Mukangomasula hedi, gasiketi ya pansi pa buloko nayonso yamasuka, ndipo gasiketi ya pepala imene yakhala zaka ikuphikidwa ndi kutentha sigwiranso bwino ikagwedezeka. Choncho ngakhale vuto lanu linali la hedi gasiketi yokha, sinthani zonse ziwiri.

Hedi ikatsika, itembenuzeni. Mupeza mwaye wakuda wouma utamatirira mozungulira mavalavu. Mwaye umenewu umasunga moto ndipo umachititsa injini kulira ngati mukugogoda chitsulo ikamakwera mtunda itanyamula katundu, makamaka nyengo yotentha ngati ya Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje, poti injiniyi imazizira ndi mphepo yokha. Unyowetseni ndi palafini n'kuupala ndi kathabwa kolimba kapena pulasitiki. Musagwiritse ntchito sikuludiraiva, chifukwa mzere uliwonse umene mungakande pamalo pokhala gasiketi udzakhala njira ya oyilo kapena ya moto.

Kenako yesani mavalavu, ndipo kuyesaku sikufuna chida chilichonse. Imikani hedi chammbali, thirani petulo pang'ono m'bowo lolowera mpweya, muyang'ane m'mphepete mwa valavu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Chitaninso chimodzimodzi ku bowo la ekizozi. Valavu yotseka bwino imakhala youma. Mukaona chinyontho chikutulukira m'mphepete mwake, ndiye kuti mphamvu ya injini yakhala ikuthawira pamenepo, ndipo n'chifukwa chake njinga imavuta kulira m'mawa. Chotsani masipuling'i, samalani tizitsulo tiwiri tating'ono togwira valavu chifukwa timadumpha n'kusowa m'fumbi, pakani mankhwala operera mavalavu pang'ono kwambiri pamlomo wa valavuyo, ndipo muipukuse pakati pa zikhatho ngati mmene amapekera moto, mukuinyamula ndi kuitembenuza pafupipafupi. Siyani pamene mwaona mzere wotuwa wozungulira mosadukiza pa valavu ndi pamene imakhala. Mankhwala operera aja ndi mchenga, choncho tsukani mobwerezabwereza mpaka pasatsale kanthu. Valavu yopindika kapena yopsa m'mphepete siperedwa, imasinthidwa. Ilowetseninso m'njira yake n'kuigwedeza chammbali. Ikamagwedera kwambiri, njirayo yatha ndipo hedi iyenera kupita kwa a makina.

Mavalavu ali kunja choncho, sinthani masilo ake ngakhale akuoneka abwino. Timalabala timeneti tikauma, oyilo amatsikira mu silinda njinga ikagona, ndipo m'mawa imatulutsa utsi wa buluu umene umatha injini ikatentha. Ali kale m'paketi imene mwagula, ndipo kuwasiya n'kungodziikira tsiku lina lomasulanso hedi.

Onaninso ngati hedi ili yosalala. Ikani rula yachitsulo yowongoka pamalo pokhala gasiketi, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, muyese kulowetsa feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata) pansi pake. Mpata ukaposa 0.05 mm, gasiketi yatsopano idzapsanso. Kupindika pang'ono kumatha mwa kuyala sandipepala wosalala wa nambala 400 pagalasi lochindikala, kumunyowetsa, n'kumayendetsapo hedi mojambula nambala 8 mpaka nkhope yonse ifanane mtundu. Mapushirodi agubuduzeni pagalasi lomwelo; yopindika imadumphadumpha.

Eni njinga za mtundu wa Bajaj Boxer ndi zina zimene mavalavu ake amayenda ndi tcheni cham'kati, pano ndi pamene muyenera kuona tchenicho, timapulasitiki tiwiri timene chimatsetserekapo, ndi chida chochikungira, chifukwa kapulasitiki ka kutsogolo kamachoka pokhapokha hedi itatsika.

Buloko, pisitoni ndi maring'i

Kokani buloko mowongoka, dzanja lina likudikira pisitoni kuti isamenyeke pa mabawuti. Buloko ikangokwera pang'ono, tsekani kukamwa kwa injini ndi nsanza yoyera. Kawaya kotsekera pini kakagwera m'katimo, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yogawa injini pakati.

Gwirani ndodo ya pisitoni n'kuikoka m'mwamba ndi kuikankhira pansi. Kugwedera chammbali pang'ono n'kwachibadwa, koma m'mwamba ndi pansi siyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Ikamagogoda, kulibwino mudziwe lero musanawononge ndalama pa maring'i atsopano.

Yang'anani m'kati mwa silinda powala. Mizere yozama yoyenda kuchokera pamwamba kupita pansi imasonyeza kuti fumbi lakhala likulowa, ndipo mukapeza zimenezi mukayang'anenso sefa ya mpweya ndi mphira wolumikiza kabuleta, apo ayi silinda yatsopano idzatha momwemonso. Yendetsani chikhadabo cha pamwamba pa silinda, pamene maring'i amalekezera. Chikakodwa pa kamzere kotukuka, silinda yadyeka. Chotsani ring'i ya pamwamba, ilowetseni yokha mu silinda, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka cha pansi, ndipo muyeze mpata wa pakati pa nsonga zake ziwiri. Pa injini za msinkhu uwu ring'i yatsopano imasiya mpata wa pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm, ndipo ukapitirira theka la milimita maring'iwo atha. Maring'i otha amalola mpweya wa moto kutsikira kumene kuli oyilo, ndipo mpweya umenewo ndi umene umakankha magasiketi, choncho apa mukhoza kupeza gwero lenileni la kudontha kumene kunakuyambitsani ntchitoyi. Ngati ring'i yatsopano nayonso ikusiya mpata waukulu, silinda iyenera kukaboledwa kuti ilandire pisitoni yokulirapo, monga ya 0.25 kapena 0.50 mm, kapena mugule buloko ndi pisitoni yake pamodzi, zimene pa injini za CG nthawi zambiri zimakhala zosavuta.

Pansi pa buloko ya CG pali tizitsulo tiwiri timene timakwera pa kamu (kachitsulo kozungulira kokhala ndi linunda) n'kukankha mapushirodi. Onani nkhope zake ngati sizinakumbike, chifukwa zikadyeka injini imalira matapeti (timasikuluwu tokonzera mpata wa mavalavu) ngakhale muwakonze kangati. Kamtengo kamene tizitsuloti timazungulirapo kali ndi O-ring yake, ndipo imeneyi ndi imodzi mwa malo amene amadontha mobisika kumanzere kwa buloko. Isintheni.

Kumbali ya kilachi

Ngati gasiketi ya chivundikiro cha kumanja ndi imodzi mwa zodontha, muli ndi mwayi wogwira ntchito imene njinga zambiri sizinagwiridwepo chigulireni. Ngakhale isakudontha, ine ndimalangiza kutsegula ndithu, poti oyilo mwakhuthula kale ndipo gasiketi yake muli nayo. Injini ya CG ilibe fyuluta ya pepala. M'malo mwake, kumapeto kwa kirankishafuti, chitsulo chimene pisitoni imazungulitsa, kuli kachitini kozungulira kotsekedwa ndi timasikuluwu titatu. Injini ikamalira kachitinika kamazungulira mothamanga, ndipo zinyalala zolemera za mu oyilo zimaponyedwa m'mbali mwake n'kumatirira. Mukakatsegula mupeza phala lotuwa louma ngati dongo la mphika, nthawi zina lodzaza mpaka pakamwa. Kakadzaza kamasiya kugwira zinyalala, ndipo zonse zimapitirira mpaka ku bering'i ya ndodo ya pisitoni. Timasikuluwu take timakhala tolimba ndipo mitu yake sichedwa kufafanizika, choncho gwiritsani ntchito sikuludiraiva yomenya ndi hamala imene ikukwana bwino. Palani phala lonse, tsukani ndi palafini, ikani gasiketi yake yatsopano, ndipo onetsetsani kuti kachitsulo ka sipuling'i ka pakati pa chivundikiro chake kakulowa ndi kubwerera momasuka, chifukwa oyilo amadutsa mmenemo.

Kilachi ili pomwepo. Masulani mabawuti a masipuling'i ake modumphitsa n'kutulutsa mapuleti motsatana. Puleti yatsopano imachindikala pafupifupi 3 mm, ndipo ikatsika kufika 2.6 mm yatha. Mapuleti achitsulo akasanduka a buluu ndiye kuti anapsa. Agonekeni pagalasi muone ngati sanapindike. Yang'ananinso mano a dengu la kilachi, pakuti akakumbika mapuleti amakodwa ndipo giya ya nyutulo imavuta kupeza. Mapuleti atsopano aviikeni mu oyilo wa injini kwa maola angapo musanawaike. Chivundikiro chili m'manja choncho, sinthani oyilo silo ya pa kiki. Masilo a pa chosinthira magiya ndi kuseri kwa sipuroketi ya kutsogolo ali kumanzere ndipo amasinthika ali panja, koma ndi bwino kuwamalizira tsiku lomwelo.

Kumanzere pansi kuli chotsekera chachikulu chimene kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa kawaya. Katulutseni mukuonetsetsa mbali imene kanaloza, katsukeni ndi palafini, ndipo sinthani O-ring ya chotsekeracho. Kasefa kameneka kamaulula zimene amakanika akale anachita. Kamene sindidzakaiwala kanatuluka katadzaza ndi tizingwe tofiira ta silikoni tokhala ngati nyongolotsi, ndipo pamwamba pa injini imeneyo panali pouma, zitsulo zitasintha mtundu chifukwa chosowa oyilo. Silikoni wopakidwa mochuluka amafinyikira m'kati monga mmene amafinyikira kunja, kenako amaduka n'kukatseka njira za oyilo.

Kumanganso

Palani zotsalira zonse za magasiketi akale ndi lezala yogoneka, osati yoimika, n'kupukuta ndi petulo mpaka chala chisamve kanthu. Pamalo poyera ndi posalala gasiketi imagwira yokha. Hedi gasiketi isapakidwe chilichonse, ndipo yakale isabwererenso ngakhale ikuoneka yabwino, chifukwa inafinyika kale. Za pepala mukhoza kuzipaka girizi pang'ono kuti zisasunthe poika.

Pisitoni ili ndi chilembo cha IN pamutu pake, ndipo chimenechi chiloze kumbali ya kabuleta. Ikani tiziwaya tatsopano pa pini, nsanza ija idakali pamalo pake. Maring'i amene ali ndi chilembo, chilembocho chiyang'ane kumwamba, ndipo mipata yake italikirane mozungulira pisitoni kuti isakhale pamzere umodzi. Pakani oyilo mu silinda ndi pa maring'i, finyani ring'i iliyonse ndi zala pamene buloko ikutsika, ndipo musamenye. Bwezerani timachubu tachitsulo tolondolera buloko ndi hedi pamalo pake, pamodzi ndi O-ring yatsopano pa bawuti yaitali imene oyilo amakwerera kupita kumwamba. Mukaiwala kalabala kameneka, njinga idzadontha tsiku lomwelo.

Mangani manati a hedi modumphitsa, kawiri kapena katatu mukuonjezera mphamvu, ndipo mumalize ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo umene buku la njinga yanu lanena. Ngati mulibe, bwerekani, chifukwa pano dzanja limanama: lina limamanga mopitirira, lina mosakwanira, ndipo gasiketi imapsa ku mbali yofookayo. Mabawuti aang'ono a zivundikiro, amene amamasulidwa ndi sipanala ya 8, amafuna pafupifupi 10 Nm basi. Mazinga a aluminiyamu amapululuka msanga, ndipo kulimbitsa bawuti mopitirira sikuletsa kudontha.

Tsopano konzani matapeti, chifukwa gasiketi zatsopano ndi mavalavu operedwa zasintha mipata yonse. Tsegulani tizitsekero tiwiri ta pa chivundikiro cha kumanzere, zungulitsani injini mobwerera m'mbuyo mwa kayendedwe ka wotchi mpaka chilembo cha T chooneka pa kabowo kakang'onoko chifike pa mzere, pa nthawi imene mavalavu onse awiri atsekeka ndipo tizitsulo towakankha tikugwedera. Honda CG125 imafuna mpata wa 0.08 mm ku mavalavu onse injini ili yozizira, koma injini zina zokopera zimalemba mpata wocheperako, choncho tsatirani za njinga yanu. Feeler gauge izidutsa mokokeka pang'ono. Mukamanga nati yotsekera, yezaninso, chifukwa mpata umakonda kusuntha pomanga. Anthu ena amapanikiza matapeti kuti injini ikhale chete, koma valavu yopanikizidwa sitseka bwino injini ikatentha ndipo imapsa. Kaphokoso kochepa n'kabwino kuposa pamenepo.

Thirani oyilo pang'ono pa tizitsulo ta pamwamba musanatseke chivundikiro. Ikani mkombero watsopano wa ekizozi ndi O-ring ya pakati pa hedi ndi kabuleta. Pulagi ya injinizi nthawi zambiri ndi D8EA, ndipo mpata wake ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm. Oyilo akhale wa njinga yamoto, monga 20W-50 wolembedwa JASO MA pabotolo, chifukwa kilachi imasambira mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterera. Injiniyi imalowa pafupifupi lita imodzi. Yezani njinga itaima chilili, kandodo koyezera kongokhazika osakapotokola.

Musanaike pulagi, pondani kiki kakhumi kapena kuposerapo kuti oyilo ayambe kuyenda, ndipo mumvetsere ngati palibe chikugunda. Kenako ilizeni, muisiye ilire yokha pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo osaipatsa moto wambiri, mukuyang'ana mzere uliwonse wa gasiketi. Utsi wochepa pa mphindi zoyambirira ndi oyilo uja munapaka. Izimitseni, tsegulani chivundikiro cha pamwamba muone ngati oyilo watsopano wafika. Pakakhala pouma musayende nayo mpaka mutapeza chimene chatseka njira.

Mawa lake, injini itazizira usiku wonse, yesaninso manati a hedi ndi torque wrench ndipo muyezenso matapeti. Ngati mwaika maring'i kapena buloko yatsopano, yendani makilomita 500 oyambirira mosinthasintha liwiro, osanyamula anthu awiri kapena matumba a chimanga pa mtunda, osaisiyanso ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali. Mukakwanitsa mtunda umenewo khuthulani oyilo akadali wofunda, tsukaninso kasefa ka kumanzere kaja, ndipo muyang'ane zimene kagwira.